Kaseti ya Abambo ndi Batani Lofiira la ku Limbe

Ndinanyamuka pa Chinakanaka Lachinayi sikisi koloko isanakwane, phiri likadafunda mtambo mpaka m'chiuno. Kumsana ndinabereka chikwama, ndipo m'chikwamamo munali mbale zitatu za galamafoni zimene anasiya abambo anga, zokulunga m'thaulo. M'thumba la malaya, pamtima penipeni, munali kaseti imodzi yomanga m'kansalu ka amayi. Ndalama, sevente sauzande, zinali m'sokosi. Ndinkayenda modumphadumpha moti agalu a kwa aneba, amene amandidziwa bwinobwino, anandiuwa.

Ndikuuzeni kaye za kasetiyo kuti mumvetse chimene chinkandidumphitsa. Abambo anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Ankathyola tiyi ku esiteti, koma Lamulungu masana ankakhala pakhonde n'kumaimba sansi, nyimbo za Chilomwe zimene anaphunzira kwa makolo awo a ku Mozambiki. Tsiku lina anadzijambula okha pa wailesi yawo. Makaseti analipo awiri. Yoyamba inatafunidwa ndi wailesi ya munthu wina titangoika maliro, ndipo amayi anatsekera yotsalayo m'sutikesi zaka makumi awiri. Ine mawu a abambo anga sindinkawadziwa. Nkhope ndinkaidziwa pa chithunzi, koma mawu ayi.

Loweruka la sabata imeneyo kunali mwambo wa chiliza chawo, ndipo amayi anati abale akasonkhana amve mwini wake akuimba. Ine ntchito yanga ndi yoika nyimbo m'mafoni ndi m'mamemori pa benchi langa pamsika. Sukulu ndinalekezera Fomu 1, koma kompyuta imandimvera. Choncho ntchito yokasankha makina osamutsira mawu kuchoka pa tepi kulowa m'kompyuta inagwera ine.

Amayi anandiperekeza mpaka pamsewu.

"Ukangowaonetsa ogulitsawo kuti adziwe mtundu wake," anatero. "Usakaiike m'kamwa mwa makina alionse ine kulibe. Wamva, Lameki?"

"Ndamva, amayi."

"Ndipo usakayambane ndi munthu."

"Ndiyambanirenji ndi munthu tsiku labwino chonchi?"

Anangondiyang'ana, n'kukonza mpango wawo.

Minibasi inafika yodzaza kale. Kondakitala anati wani fayifi mpaka pa Nkando, ndipo anandikhazika kumbuyo kwa dalaivala, pa chibokosi cha injini chija chimene munthu amakhala moyang'anizana ndi anzake onse ngati wapalamula mlandu. Tisanayende n'komwe mtunda ndinamva kutentha kukukwera. Mbale za galamafoni zikatenthedwa zimapindika ngati chitumbuwa chopsa mbali imodzi, zimenezo ndinali nditaziona pa foni. Ndinanyamula chikwama n'kuchisenza pamutu.

"Bigi, katundu ameneyo ngati akufuna mpando wake alipire," anatero kondakitala.

"Mutu ndi wanga. Mukulipiritsanso mutu?"

"Denga ndi lathu."

Ndinamva magazi akuyamba kuwira, koma mayi wina amene anafungatira beseni la nandolo anandifunsa kuti m'chikwamamo muli chiyani chofuna ulemu wotero. Nditawauza, nkhope yawo inawala.

"Zija zakuda zozungulira zija? Zikadalipo? Ife tavina nazo ku esiteti. Ikayamba kudumpha, anyamata ankaika ndalama yachitsulo pamwamba pa singano kuti ilemere. Nyimbo n'kumapita basi."

Apo m'pamene pakamwa panga panatseguka. Ndinawafotokozera onse, kuyambira kumpando wakutsogolo mpaka wakumbuyo, kuti dzuwa lisanalowe mawu a abambo anga akhala ali pa foni imene anaiona m'manja mwangamo. Ndinati ndidzawatumiza ku Joni, ku Lilongwe, ku Milanje, paliponse pamene pali mbale wathu. Ndinati munthu amene anagona kalekale ayimba m'thumba mwanga. Bambo wina wachipewa, amene ndinkayesa akugona, anatsegula diso limodzi.

"Akadzuka pa fonipo, muwauze mtengo wa shuga. Abwerera okha."

Minibasi yonse inafa ndi kuseka, ngakhale dalaivala. Inenso ndinaseka mpaka chikwama chinatsala pang'ono kugwa.

Pa Nkando tinafika cha m'ma seveni koloko, msika ukungodzuka. Amayi ankayala tomato ndi anyezi, anyamata a kabaza ankapukuta njinga zawo, ndipo oitanira minibasi anandithamangira anayi. Mmodzi anagwira chikwama changa n'kukoka. Sindikudziwa kuti ndinanena chiyani, koma anachisiya msanga, ndipo anzake anamuseka. Ndinakhala pa tirumu ina n'kumwa tiyi ndi chinangwa chophika cha faivi handiredi.

Ndinatsikira pa Nkando dala, chifukwa cha Abiti Mussa. Amenewa ndi mayi amene amakonza mafoni ndi mawailesi kuseri kwa msika, m'kanyumba kamene anasiya bambo awo. Kutsogolo kuli mafoni, koma kumbuyo kuli mawailesi akufa osanjikizana mpaka kudenga. Ndinawapeza akusesa, magalasi ali pamwamba pa mpango.

"Mwalawira, achimwene. Foni yagwera m'chitsime?"

Ndinawafotokozera zonse, kenako ndinawaonetsa pa foni chithunzi cha makina amene ndinkawalota sabata yonse: wailesi yatsopano yokhala ndi pa kaseti, pa fulashi, pa memori, tochi, ndi sola kumsana. Umangoika kaseti uku, fulashi uku, nyimbo n'kusamuka yokha.

Abiti anatsitsa magalasi, anayang'ana chithunzicho, n'kundibwezera foni.

"Makina odziwa zonse ali ngati mkamwini wodziwa zonse. Amaimba, amakonza njinga, amadziwa ndale, koma munda uli thengo."

"Awa ndi amakono, Abiti."

"Eya. Njira zilipo zitatu. Yoyamba, muliza kaseti n'kuika foni pafupi ndi sipika. Mujambula bambo anu pamodzi ndi tambala ndi njinga zamoto zonse za pa Chinakanaka. Yachiwiri ndi mkamwini wanuyo. M'kati mwake ndi pulasitiki yokhayokha, amakoka tepi mopupuluma, mawu amamveka ngati munthu akuimba ali pa kabaza. Yachitatu ndi iyi."

Analowa kumbuyo n'kutuluka ndi chinthu chasiliva, chafumbi, chachikulu ngati sutikesi yaing'ono. Anati ndi deki, makina oliza makaseti okhaokha, opanda sipika, opanda wailesi. Anati mota yake ndi yamoyo, chimene chinatha ndi lamba wa labala amene amazunguza tepi. Anang'amba chidutswa cha katoni n'kulembapo zinthu zinayi zoti ndikagule ku Limbe: lamba, chingwe cha mitu iwiri, wofiira ndi woyera, kabokosi ka mawu kolumikiza deki ku kompyuta, ndi singano ya galamafoni.

Mbale zija anazigwira m'mphepete mokha, n'kuzipendeketsa ku dzuwa.

"Izi anazilima ndi ndalama yachitsulo. Taonani mizere yake yayera. Galamafoni ndili nayo kumbuyoku, ikusowa singano basi. Koma musakagule galamafoni zatsopano zija zooneka ngati kachikwama. Mkono wake ndi wolemera, zimalizitsa zimene inayamba ndalama yachitsulo. Tsono tioneni kasetiyo."

Ndinagwira pamtima.

"Amayi anati isagwiridwe."

"Sindiidya. Ndingoiona."

"Anati ndikaonetse ogulitsa."

"Ine ndine chiyani, wodutsa?"

Kunena zoona ndinali nditakhumudwa. Ndinabwera kudzamva kuti ndasankha bwino, koma anandionetsa chitsulo cha fumbi chimene mphemvu zinkachita lendi. Ndinapinda katoniyo, ndinaiponya m'chikwama, ndinawasiyira mbale zija kuti zisapsenso m'minibasi, n'kutuluka. Kumbuyo ndinamva akuti, "Deki ikudikirani, ilibe kopita."

Ya ku Limbe inali fo sauzande, ndipo ulendo uno ndinalimbirana mpando wa pawindo mpaka ndinaupeza. Titawoloka mlatho wa Thuchila chimwemwe chinabwereranso. Ndinayamba kuganiza kuti mawu a abambo angakhale otani. Mwina aakulu ngati a abusa, mwina aang'ono okoma ngati a anthu oimba sansi amene ndinawamvapo. Ndinayeserera onse awiri chapansipansi mpaka mtsikana amene anakhala pambali panga anasunthira chikwama chake mbali inayo. Panjira ndinagula nthochi zinayi kudzera pawindo, ndinadya ziwiri, ziwiri ndinapatsa mtsikanayo kuti adziwe kuti sindine wamisala. Analandira, koma chikwama sanachibweze.

Tinatsika ku Limbe hafu pasiti teni. M'sitolo yoyamba wogulitsa sankadziwa n'komwe kuti kaseti ndi chiyani, ndipo anafuna kundigulitsa sipika yaikulu ngati mgolo. M'sitolo yachiwiri ndinapeza galamafoni zija zooneka ngati kachikwama, zokongola zedi, zabuluu. Ndinakweza mkono wake ndi chala, ndipo unalidi wolemera ngati supuni yodzaza phala. Ndinaubwezeretsa mwakachetechete, poti sindinkafuna kuvomera kuti Abiti ananena zoona.

M'sitolo yachitatu ndi mmene ndinawaona. Anali pa shelefu yapamwamba, akuda ndi ofiira, onyezimira kuposa pa chithunzi. Ndinaseka ndekha mokweza. Mwini sitolo, bambo wamimba wa magalasi, anawatsitsa n'kuwaika pa kauntala.

"Eyite faivi sauzande, bwana. Atsala amenewa."

"Sikisite."

"Sikisite mugula tochi yakeyo."

"Ndidziwa bwanji kuti amagwira ntchito?"

"Yesani. Kaseti muli nayo? Ife tilibe, zinatha ndi agogo athu."

Mawu a amayi ndinawamva bwinobwino m'khutu. Koma makinawo anali pomwepo, chitseko cha kaseti chili chotsegula, magetsi ake akuthwanima, ndipo abambo anga anali m'thumba la malaya, kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pa chitsekocho. Ndinadziuza kuti kuyesa si kuliza. Ndinati ndingomva liwu limodzi, limodzi lokha, n'kuzimitsa. Ndinamasula kansalu kaja. Kasetiyo inali yotuwa, ndipo pa pepala lake panalembedwa dzina la kwaya ina ya tchalitchi, lokhwatchidwa ndi bolopeni.

Nthawi yomweyo kunalowa mayi wofuna ayironi, ndipo mwini sitolo anapita kukamuthandiza. Ine ndinaika kaseti, ndinabaya fulashi yanga, n'kuyang'ana mabatani. Pa kompyuta, pa foni, paliponse pamene ndagwirapo ntchito, ukafuna kusunga mawu umadina chofiira. Ndinadina batani lofiira. Linalowa bwinobwino, n'kukokera lina pansi, ndipo timawilo ta kaseti tinayamba kuzungulira.

Ndinatchera khutu. Zii. Ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto. Zii. Timawilo tikuzungulira, magetsi akuvina, koma liwu ayi. Ndinamenya kauntala. Zimene ndinanena muzimva posachedwa, pakuti sizinatayike. Ndinganene kuti ndinayankhula nthawi yokwana kunena pemphero la Atate Wathu kawiri, ndipo mayi wa ayironi anatuluka osagula.

Mwini sitolo anabwera akupukuta magalasi, anasuzumira, n'kudina batani loimitsa.

"Mwadina chiyani?"

"Chofiira. Mukufuna ndidine chiyani?"

"La fulashi ndi aka kakuda ka pambali aka. Lofiiralo ndi lojambulira pa tepi." Anaseka pang'ono. "Koma musadandaule. Makaseti ogula kusitolo ngati imeneyi sajambulika. Batani limakana kulowa."

"Linalowa."

Anasiya kuseka. Anabweza tepi kumayambiriro n'kudina loliza. Popeza voliyumu ndinali nditaisiya kumapeto, sitolo yonse ndi theka la msewu zinamva:

"Chimenechi n'chakufa ichi! Mukugulitsa anthu zinthu zakufa? Mwaona ngati ndachokera kumudzi ndiye mundibere? Tabwerani kuno, bambo, ndikuyankhula ndi inu..."

Ndinazimitsa. Ndinatulutsa kasetiyo. Kenako ndinanyamula makinawo m'mwamba ndi manja awiri, ndipo mlonda wa pakhomo anaima ndi chibonga chake.

"Mukawaphwanya mwagula," anatero mwini sitolo modekha. "Ndipo chala chinali chanu, bwana."

Ndinaima choncho kanthawi, makina ali m'mwamba ngati ndikufuna kuwadalitsa. Ndinafunafuna munthu woti ndimukwiyire m'sitolo monsemo, ndipo sindinamupeze. Ndinawatsitsa pang'onopang'ono, ndinazula fulashi yanga, n'kutuluka.

Ndinakakhala m'mphepete mwa ngalande pafupi ndi msika. Zaka makumi awiri m'sutikesi, njenjete sizinaigwire, chinyezi sichinaigwire, mvula imene inasasula denga lathu siinaigwire. Ine maola asanu okha. Ndinalumbira kuti sindidya tsiku lonse. Patapita mphindi khumi fungo la chiwaya linandipeza, ndipo ndinadya tchipisi cha thu sauzande ndi kabichi wambiri, ndikulira pang'ono, wogulitsayo akuyesa ndi tsabola.

Mimba itakhuta, mutu unayamba kugwira ntchito. Ndinayang'ana kasetiyo pa dzuwa. Tepi imene inadutsa inali yochepa kwambiri, ngati chikhadabo, ndipo gudumu lonse linali likadali mbali inayo. Abambo anali akadalimo. Ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa katoni ya Abiti.

M'timashopu ta mawaya mumsika ndinayenda ngati mwana wotumidwa, ndikuwerenga katoniyo mokweza. Chingwe cha mitu iwiri ndinachipeza pa thu fayifi. Kabokosi ka mawu, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kanali eyitini sauzande, ndipo ndinakana kulipira mpaka wogulitsa atakalumikiza ku kompyuta yake ine ndikuona. Malamba ankagulitsa kapaketi konse, aakulu ndi aang'ono, fili sauzande. Singano ya galamafoni yokha ndiyo inandikanika. Ndinafunsa malo asanu ndi limodzi. Wina anati ndiyitanitse ku Joni, wina anati amalume ake anali nayo koma anamwalira. Ndinaisiya.

Pobwerera ndinakhala kutsogolo ndi dalaivala, ndipo mtima unkachita zinthu ziwiri. Tikakwera chitunda ndinkaganiza za nkhope ya amayi. Tikatsetsereka ndinkakumbukira kuti gudumu lonse likadalipo, n'kuyamba kuimba mluzu. Dalaivala anandifunsa ngati ndawina kapena ndaluza, ndipo ndinati zonse.

Pa Nkando ndinafika fili koloko itangodutsa. Abiti anali atangomaliza swala, akupinda mkeka. Sindinapereke n'komwe moni wokwanira. Ndinangoika kasetiyo pa tebulo n'kuwauza zonse, ndikuyang'ana pansi.

Sanandiseke. Anaitembenuza n'kundionetsa msana wake. M'makona awiri munali timabowo, ndipo m'timabowomo munali timapepala totsendera, takuda ndi ukalamba.

"Inu a mafoni simungadziwe izi. Kaseti yogula imabwera timabowo iti tili totsegula, ndiye batani lojambulira limakana. Koma kaseti yopanda kanthu inali yodula, ndipo kuno inkasowa. Ndiye aliyense ankatenga yakale, ya kwaya kapena ya ulaliki, n'kutsendera kapepala umu, basi yasanduka yatsopano. Bambo anu anatseka, anajambula, n'kuiwala kutsegula. Zaka zonsezi khomo linali pululu." Anatenga phini n'kutokosa timapepalato, timodzitimodzi. "M'mawa uja ndikanaiona, ntchito yake inali imeneyi. Ya mphindi imodzi."



Anatsegula deki ija, anasankha lamba woyenera m'kapaketi, anapukuta kachitsulo kowerenga tepi ndi thonje lonyowetsa sipiriti mpaka thonje linasiya kuda. Anayesera kaseti ina yachabechabe ya m'katoni mwawo, ndipo inalira bwino osatafunidwa. Anandionetsa polowetsa mutu wofiira ndi woyera. Anati ndikalize mbali yonse kamodzi osaimitsaimitsa, ndikachepetse mphamvu kuti mizere ya pa kompyuta isagunde kudenga, ndipo ndikasunge malo awiri, pa kompyuta ndi pa fulashi. Pomaliza anatenga pulayazi, anagwira batani lofiira la dekiyo, n'kulizula ngati dzino.

"Timabowo mwatsegula kale, Abiti."

"Iyi ndatsegula. Koma mawa anthu ayamba kukubweretserani makaseti awo, ndipo zala ndi zomwezo." Anandipatsa batanilo m'manja. "Twente faivi sauzande. Batani ndi laulere."

Ndinawapempha kuti tilize kasetiyo pomwepo, ndimve kuti chawonongeka n'chiyani ndisanafike kunyumba. Anakana. Anati mwini kaseti ali pa Chinakanaka, ndipo ndamuberapo kale kamodzi lero. Mbale zija anati zitsale mpaka singano idzapezeke, poti nyimbo za m'mbale zili ndi anthu enanso, pamene za pa tepi zili malo amodzi okha padziko.

Ndinakwera minibasi deki ili pamiyendo, ndipo kondakitala atatsegula pakamwa kuti anene za mpando wa katundu ndinangomupatsa faivi handiredi yapamwamba. Anandiyang'ana ngati ndamulanda chakudya.

Hafu pasiti folo ndinali pa Chinakanaka. Amayi ndinawapeza atakhala pa benchi langa pamsika, akusenda nandolo, ngati akhala pamenepo kuyambira m'mawa. Anayang'ana chitsulo cha fumbicho, anayang'ana ine.

"Zatsopano zija n'zimenezi?"

Ndinagwada pansi, pamaso pa atelala a shopu yoyandikana ndi benchi langa ndi amayi ogulitsa zitumbuwa, n'kuulula. Sindinabise kanthu. Amayi anapitiriza kusenda nandolo mpaka ndinamaliza. Kenako anapukuta manja pa chitenje.

"Yatsa."

Ndinalumikiza zingwe, ndinatsegula pojambulira pa kompyuta, ndinayang'ana kawiri batani limene ndinkadina. Sipika zanga za pa benchi ndi zamphamvu, ndi zimene ndimaitanira makasitomala. Msika wonse unamva ine ndikufunsa ngati akugulitsa anthu zinthu zakufa. Atelala anasiya kupalasa makina awo. Wina kuseri anati, "Ameneyo ndi Lameki, wayambana ndi ndaninso?" Ine ndinatseka maso, ndikuwerenga m'mtima kuti zithe. Ndinadzimva ndikuitana bambo wa sitolo, ndikumenya kauntala, ndikutchula za kumudzi. Kenako panamveka kuti thi, phokoso la sitolo linazima, panabwera kulira kwa khanda, ndipo mawu anapitiriza:

"...ndati mutulutseni mwanayo! Mabatire akutha awa. Mutengeni mupite naye kuseri, akundiwonongera tepi."

Ndinatsegula maso. Ndinkayesa ndikadali ine, koma mawu amenewo sindinawanene ku Limbe. Liwu linali lomwelo, kukwera kwake komweko, kupuma kwake komweko, ngati munthu mmodzi wangosintha nkhani. Ndinayang'ana amayi. Anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, nandolo zikugubuduka kuchoka m'chitenje, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka mpaka anatulutsa mawu. Ankaseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwanayo ndi iwe," anatero atapeza mpweya. "Anakuona kalekale."

Khanda lija linamveka likupita kutali, chitseko chinatsekeka, abambo anatsokomola kamodzi, ndipo sansi inayamba. Poimba, liwu lawo linali lina, lofewa, lotsika, limene ine ndilibe. Msika unakhala chete mwa mtundu wake, anthu akugulabe koma monong'ona. Tinamvera mbali yonse osaimitsa, mizere ya pa kompyuta ikukwera ndi kutsika osagunda kudenga. Ine ndinkangoseka ngati chitsiru, ndikugwira atelala pamkono kuti amve, ngakhale kuti ankamva kale.

Tepi itatha ndinafunsa funso limene ndinalinyamula kuchokera ku Limbe.

"Ndafufuta chiyani, amayi?"

Anatola nandolo ziwiri zitatu pansi asanayankhe.

"Moni. Anatchula dzina lawo, mudzi wa makolo awo, kenako ana, mmodzimmodzi. Iwe anakutchula pomaliza. Anati, ndi Lameki, amene mukumumva akulirayu."

Ndiye kuti malo okhawo pamene abambo anga anatchula dzina langa ndi pamene ndinaikapo mkangano wa wailesi ya tochi. Palibe makina a ku Limbe kapena ku Joni amene angabweze zimenezo. Ndinauza amayi kuti pa kompyuta ndikhoza kudula phokoso langalo kuti Loweruka abale amve kuyambira pa sansi.

"Usadule," anatero. "Akamve onse awiri."

Loweruka anamvadi onse awiri, ndipo amalume mpaka lero akandiona amandifunsa ngati ndikugulitsa anthu zinthu zakufa. Tsono amene muli ndi makaseti m'masutikesi, ndikuuzeni zimene ndinaphunzira pa ulendo umenewu. Musanayang'ane makina, yang'anani msana wa kaseti yanu, mutokose timapepala. Poyesa makina, yeserani kaseti imene simungailire. Ndipo posankha, musafunse kuti makinawa amatha kuchita zinthu zingati. Funsani kuti ndi chiyani chimene sangathe kuchita ngakhale mwini wake atapsa mtima.